Nyimbo za classical zothamanga ndi zaukali: muyambire apa

Munthu akapempha kuti amuuze nyimbo ya classical yothamanga, yogunditsa mtima, nthawi zambiri amangopatsidwa dzina la simfoni yonse, nyimbo yaitali ya okhestra (gulu lalikulu la oimba zida). Akaifufuza pa YouTube amapeza chinthu cha mphindi 50, n'kuyamba kumvera, koma mphindi zitatu zoyamba mavayolini akungonong'ona. Amatseka, n'kumati nyimbo zakalezi n'zogonetsa tulo. Chonsecho moto umene ankaufuna unali momwemo, kungoti unali m'gawo lachiwiri kapena lachinayi. Nyimbo zikuluzikuluzi zimakhala ndi magawo atatu kapena anayi, lililonse ndi liwiro lake ndi mtima wake, choncho dzina la nyimbo palokha silikwanira. Pamafunika kudziwa gawo lake, kutalika kwake, ndi amene analiimba bwino.

Pamwamba pa gawo lililonse pamakhala mawu a Chitaliyana osonyeza liwiro, ndipo ndi omwewo amene mumawaona pa mayina a nyimbo pa Spotify, pa YouTube ndi pa ma CD. Allegro ndi kuthamanga, Presto ndi kuthamanga kwambiri, Prestissimo ndiye mapeto ake. Mukaona Adagio, Largo, Lento kapena Andante, pamenepo zinthu zikuyenda pang'onopang'ono. Mawu amene amakuuzani zambiri ndi otsatirawo: con fuoco akutanthauza kuimba ndi moto, agitato ndi mtima wosakhazikika, con brio ndi mphamvu ndi changu. Allegro yokha ikhoza kukhala nyimbo yachisangalalo yopanda ukali uliwonse. Onaninso ngati palembedwa kuti minor. Zambiri mwa nyimbo zaukali zili mu kiyi ya minor, imene oimba kwaya amaidziwa kuti imakhazikika pa "la" osati pa "do".

Liwiro lokha silibweretsa ukali. Flight of the Bumblebee ya Rimsky-Korsakov imathamanga kuposa nyimbo zambiri zimene nditchule pano, koma ikatha mumangoyamikira zala za woimbayo basi. Ukali umachokera ku zinthu zina: kugunda kumene kukukana kugwera pamene khutu likuyembekezera, phokoso lobwera pambuyo pa bata, ndi kumva kuti nyimbo ikupita penapake ndipo palibe angaiimitse. Zimene ndasankhazi ndazisankhira zimenezo.

Ngati muli ndi mphindi zinayi zokha, zipatseni gawo lachiwiri la Symphony No. 10 ya Dmitri Shostakovich. Simfoniyi inamveka koyamba ku Leningrad mu December 1953, chaka chimene Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anamwalira, ndipo anaitsogolera ndi Yevgeny Mravinsky. Gawo loyamba ndi lalitali, limapitirira mphindi 20 ndipo limayenda mwachifatse. Lachiwiri, lolembedwa kuti Allegro basi, limayamba mokweza pomwepo: zoimbira za zingwe zimamenya ma chord (manoti angapo omveka pamodzi) afupiafupi owuma, zitoliro zimalowa ndi kanyimbo kolira m'mwamba, kenako ng'oma ya snare imayamba kulankhula ngati ya asilikali. Pafupifupi gawo lonse ndi lokweza. Mvetserani chakumapeto pamene malipenga akuluakulu amatenga kanyimbo koyambirira kaja n'kukatambasula, manoti ake kukhala aataliatali pamene ena onse akuthamangabe pansi pake. Zikatero okhestra imatsika mwadzidzidzi kwa kanthawi, n'kukweranso komaliza. Anthu amakonda kunena kuti gawoli ndi chithunzi cha Stalin. Mawuwo anachokera m'buku la Solomon Volkov la 1979, limene akatswiri amatsutsanabe ngati lilidi ndi mawu a Shostakovich mwini wake, choncho musawatenge ngati mfundo yotsimikizika. Kuti muone ndi maso, fufuzani kanema wa Gustavo Dudamel akutsogolera achinyamata a Simón Bolívar Youth Orchestra a ku Venezuela ku BBC Proms mu 2007. Amathamanga kwambiri, mwina kuposa muyeso, koma palibe amene amatsalira.

Oimba kwaya ayambire pa Dies irae ya Giuseppe Verdi. Mawu ake ndi a Chilatini, ochokera m'Misa ya maliro, onena za tsiku la mkwiyo pamene dziko lidzasanduke phulusa. Verdi analemba Requiem yake pokumbukira mlembi Alessandro Manzoni, ndipo inaimbidwa koyamba m'tchalitchi cha San Marco ku Milan pa 22 May 1874. Dies irae imatseguka ndi ma chord anayi a G minor omenyedwa ndi okhestra yonse, pakati pawo pali mpata wopanda kanthu. Kwaya imalowa ikulira, mawu akutsetsereka kuchokera pamwamba. Ma chord aja akabweranso, m'mipata muja mwalowa ng'oma yaikulu, ndipo okhestra ndi ng'omayo zimasinthana ngati misi iwiri mu mtondo umodzi. Verdi analemba m'buku la manoti kuti chikopa cha ng'omayo chikungidwe kwambiri kuti mawu ake akhale owuma ndi amphamvu. Apa ndi poyesera chojambulidwa chilichonse: ng'oma ikamamveka ngati kugunda kwa kutali kolira nthawi yaitali, ukali wa malowa wathawa. Kolasi yoyambayi imatenga mphindi ziwiri ndi theka, koma musaimitse pamenepo. Lolani Tuba mirum, kagawo kotsatira, ibwere. Malipenga anayi ali pa siteji, ena anayi abisidwa kutali, ndipo amaitanana motsitsa, kumayandikirana, mpaka onse asonkhana n'kugwetsa denga. Pa mahedifoni mumamva bwino mbali imene lipenga lililonse likuchokera.

Dies irae ya Mozart, ya mu Requiem ya 1791 imene anaisiya yosamaliza, ndi yaifupi, siyikwana mphindi ziwiri. Ilibe kulemera kwa Verdi koma ili ndi changu chochuluka. Pa mawu akuti "quantus tremor est futurus" mabesi amanjenjemera pakati pa manoti awiri oyandikana, okhaokha, enawo n'kuwayankha mwamantha. Kwaya ya anthu ochepa imene imatchula mawu momveka imaimba gawoli bwino kuposa kwaya ya anthu mazana awiri, chifukwa khamu likachuluka matchulidwe amasungunuka.

Nyimbo imene ambiri anaimvapo osadziwa dzina lake ndi gawo lachitatu la Summer, kuchokera mu The Four Seasons ya Antonio Vivaldi, yosindikizidwa ku Amsterdam mu 1725. Ndi Presto, G minor, yosakwana mphindi zitatu. Ndakatulo imene inasindikizidwa pamodzi ndi nyimboyi ikunena za mabingu, mphezi ndi matalala akudula ngala za tirigu m'munda, ndipo aliyense amene anaonapo matalala akukhadzula mbewu adziwa kuti si mvula yosangalalira. Pa nyimbo iyi kusankha oimba n'kofunika kuposa pena paliponse. Zojambulidwa zambiri zakale zili ndi mavayolini ochuluka oimba mosalala, noti iliyonse yonenepa, ndipo chimphepo chimasanduka mvula yowaza. Fufuzani Il Giardino Armonico ya Giovanni Antonini kapena Europa Galante ya Fabio Biondi, magulu a ku Italy amene anajambula nyimboyi m'zaka za m'ma 1990. Ndi oimba ochepa, amagwiritsa ntchito nsambo za matumbo ndi mauta opepuka a kalembedwe kakale, ndipo saopa kukanda nsambo mpaka kumveka kukhakhala. Kukhakhala kumeneko ndiye matalalawo. Gawo loyamba la Winter lilinso ndi ukali wake, koma limayamba ndi kunjenjemera kwa chisanu kaye lisanaphulike.

Beethoven ali ndi zambiri, ndipo nditchula zitatu. Yoyamba ndi gawo lachitatu la Piano Sonata No. 14 ya 1801, imene anthu amaitcha Moonlight. Aliyense amadziwa gawo loyamba lofatsa lija, koma lachitatu ndi Presto agitato, mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Dzanja lamanja limakwera kuchokera pansi pa piyano mpaka pamwamba, n'kumaliza ndi ma chord awiri, loyamba lomenyedwa mwamphamvu. Chimene oimba ambiri amalakwitsa n'chakuti Beethoven analemba kuti kukwerako kukhale kotsitsa mawu njira yonse, osakweza pang'onopang'ono. Chord ija iyenera kukudzidzimutsani. Woimba akayamba kukweza ali pakati pa njira, kapena akaponda pedulo kuyambira pachiyambi, manoti amasakanikirana kukhala chiphokoso ndipo kumenya kuja sikudabwitsanso. Mukamasankha chojambulidwa, mverani masekondi khumi oyamba: ngati mukumva noti iliyonse payokha ndipo chord yakulasani, mwapeza woimba wabwino.

Yachiwiri ndi gawo loyamba la Symphony No. 5, yoimbidwa koyamba ku Vienna pa 22 December 1808. Mu sol-fa chiyambi chake ndi m m m d, kenako r r r t. Manoti atatu oyambawo sayamba pa kugunda. Pali kampata kakang'ono kaye, ndiye amathamangira ku noti yachinayi. Otsogolera amene amawaimba molemera, aliyense payekha, amapha nyimbo yonse isanayambe, chifukwa gawo lonse lamangidwa ndi kathamangidwe kameneko. Chojambulidwa cha Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic cha 1974 ndicho ndingakupatseni osakayika: gawoli amalimaliza m'mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka, ndipo chingwe sachimasula ngakhale pamodzi. Kupitirira pang'ono pakati pa gawoli zonse zimaima, oboe n'kuimba yokha kwa masekondi ochepa. Musaone ngati nyimbo yafooka pamenepo. Kupuma kumeneko n'kumene kumapangitsa zotsatirazo kupweteka.

Yachitatu ndi gawo lomaliza la Symphony No. 7, yoimbidwa koyamba mu 1813, Allegro con brio. Iyi ili mu major, si yamkwiyo, koma ndi gule wopanda chifundo: mphamvu imagwera pa kugunda kwachiwiri m'malo mwa koyamba, mobwerezabwereza, mpaka thupi kulephera kukhazikika pampando. Chakumapeto ma double bass amayamba kupera manoti awiri oyandikana pansi penipeni pamene okhestra ikukwera pamwamba pawo. Kleiber yemweyo anaijambulanso ndi okhestra yomweyo, ndipo masimfoni awiriwa amapezeka pa chimbale chimodzi.

Tsopano nyimbo zimene mphamvu yake yonse ili m'kawerengedwe. Izi ndi zimene ndimafuna kuti anthu azithera nthawi, chifukwa mukangogwira kawerengedwe kake zimasintha kuchoka pa phokoso kukhala chinthu chimene mungaombere m'manja.

Mars, gawo loyamba la The Planets ya Gustav Holst, inalembedwa mu 1914 ndipo ili ndi kugunda kusanu pa bar iliyonse (kachigawo kowerengera kugunda kwa nyimbo), osati kunayi. Kaombedwe kake ndi aka: ta-ta-ta, TAM, TAM, ta-ta, TAM. Tinoti titatu toyamba tikugawana kugunda kumodzi, tiwiri tija tikugawana kugunda kwachinayi. Ombani pa tebulo kangapo musanayambe kumvera. Pachiyambi oimba zingwe sagwiritsa ntchito uta mwachizolowezi: amamenya nsambo ndi mtengo wa utawo, kaimbidwe kotchedwa col legno, ndipo kamamveka ngati mafupa akugundana. Kaombedweka kamakhala pa noti imodzi kwa nthawi yaitali pamene zoimbira zamkuwa zikukwawa pamwamba pake. Pakati nyimbo imagwa, n'kuyamba kuyenda mwaulesi mumdima, kenako kaombedwe kaja kamabweranso ndi okhestra yonse. Ndi mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Holst analemba Allegro, ndipo chojambulidwa chake iye mwini cha 1926 ndi London Symphony Orchestra chimathamanga kuposa ambiri a masiku ano. Otsogolera ena amaichedwetsa kuti imveke yolemera, koma ikachedwa kugunda kusanu kuja kumasiya kupunthwitsa khutu ndipo imangokhala perete wamba.

Precipitato, gawo lomaliza la Piano Sonata No. 7 ya Sergei Prokofiev, ndi mphindi zitatu za piyano yokha. Anaimaliza mu 1942, nkhondo ili mkati, ndipo Sviatoslav Richter anaiimba koyamba ku Moscow mu January 1943. Bar iliyonse ili ndi tizigawo tisanu ndi tiwiri, togawidwa 2, 3, 2. Werengani motere: 1-2, 1-2-3, 1-2, n'kubwereza osapuma. Dzanja lamanzere lili ndi kanthu ka manoti atatu, B flat, C sharp, B flat, kamene kamabwerera ngati munthu wokana kuchoka pakhomo, mphamvu ikugwera pa noti yapakatiyo. Prokofiev analemba kuti chiyambi chisakhale chokweza kwambiri. Woimba amene wayamba ndi mphamvu zake zonse alibenso kopita, ndipo tsamba lomaliza, pamene manja amalumpha mbali zonse za piyano, limangokhala chisokonezo. Maurizio Pollini, m'chojambulidwa cha 1971, amasunga liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndipo amakweza mawu mwa masitepe. Muyambire kwa iyeyo.

The Rite of Spring ya Igor Stravinsky inaimbidwa koyamba ku Théâtre des Champs-Élysées ku Paris pa 29 May 1913, Pierre Monteux akutsogolera, ndipo m'holo munabuka chiphokoso pakati pa oonera. Yonse ndi mphindi pafupifupi 35. Mphindi zitatu zoyamba ndi makamaka zitoliro zikudzuka chimodzichimodzi, kuyambira ndi bassoon yoimba pamwamba kwambiri. Zikatha zimenezo pamabwera Augurs of Spring: zingwe zimamenya chord imodzi yomweyo mofanana, uta ukutsika nthawi iliyonse, ndipo ma horn asanu ndi atatu amawonjezera mphamvu pa kumenya kwina. Kumenya koyamba 32 kumagawika 9, 2, 6, 3, 4, 5, 3. Ndiye kuti mphamvu ikugwera pa kumenya kwa nambala 10, 12, 18, 21, 25 ndi 30. Lembani manambalawa papepala, muyese kuomba m'manja pamalo oyenera. Kawiri katatu koyamba muphonya, chifukwa Stravinsky anakonza dala kuti khutu lisapeze chizolowezi. Magawo ena othamanga ndi Dance of the Earth, wotseka theka loyamba, mphindi imodzi yokha ya Prestissimo, ndi Sacrificial Dance kumapeto, pamene kutalika kwa bar kumasintha pafupifupi pa bar iliyonse. Chojambulidwa cha Leonard Bernstein ndi New York Philharmonic cha 1958 n'chaukali kwambiri, ndipo zoimbira zamkuwa zimamveka pafupi ndi khutu.

Malambo, gule womaliza wa Estancia ya Alberto Ginastera wa ku Argentina, wa 1941, ndi wosavuta kwa khutu lozolowera ng'oma za kwathu. Malambo ndi gule wa ma gaucho, abusa a ng'ombe a m'zigwa za Argentina, amene amapikisana kuponda pansi. Bar ili ndi tizigawo tisanu ndi kamodzi, ndipo nthawi zina timagawika kawiri, titatutitatu, nthawi zina katatu, tiwiritiwiri. Kusinthana kwa ziwiri ndi zitatu kumeneku timakumva m'ng'oma ndi m'kuomba m'manja pa magule ambiri akuno, choncho thupi limakugwira msanga. Theka lachiwiri la guleyu ndi kanyimbo kamodzi ka malipenga kobwerezedwa mpaka kumapeto, kumangokwera mphamvu.

Pali nyimbo imodzi yopanda okhestra, munthu mmodzi ndi piyano, imene ili ndi nkhani yoopsa kuposa zonse pano. Erlkönig ya Franz Schubert, ya 1815, ali ndi zaka 18, ndi ndakatulo ya Goethe. Bambo akuthamanga pa hatchi usiku atanyamula mwana wake. Mwanayo akuona mzimu ukumuitana, bambo akuti ndi nkhungu chabe, ndi mphepo m'masamba. Woimba mmodzi amanyamula mawu a anthu anayi: wofotokoza nkhani, bambo, mwana ndi mzimuwo. Werengani kumasulira kwa ndakatuloyi musanamvere, apo ayi mutaya theka la nyimbo. Bambo amaimba m'munsi. Mzimu umaimba motsitsa ndi mokoma, mu major, ndipo kukoma kumeneko ndiye koopsa. Mwana amafuula "Mein Vater, mein Vater" katatu, ulendo uliwonse pamwamba pang'ono kuposa wapitawo. Dzanja lamanja la woimba piyano limamenya manoti atatuatatu obwerezabwereza pafupifupi mphindi zinayi zonse, kuyerekeza ziboda za hatchi, ndipo n'kotopetsa dzanja kotero kuti Schubert analembanso mtundu wina wopepukirapo. Hatchi imaima pa mzere womaliza wokha, pamene bambo wafika pakhomo n'kupeza mwana wamwalira m'manja mwake. Fufuzani Dietrich Fischer-Dieskau ndi Gerald Moore pa piyano.

Magawo omaliza a masimfoni akuluakulu ndi mgodi wina. La Symphony No. 9 ya Antonín Dvořák, From the New World, yoimbidwa koyamba ku Carnegie Hall ku New York mu December 1893, ndi Allegro con fuoco ya mphindi 11 kapena 12. Limayamba ndi manoti awiri oyandikana, m ndi f, akufulumira, kenako malipenga ndi ma horn amalengeza l t d t l l, l s m s l. Dziwani kuti silithamanga njira yonse. Pakati pali clarinet yoimba mofatsa, nyimbo za magawo apitawo zimabwerera, ndipo chord yomaliza imazilala m'malo mophulika. La Symphony No. 4 ya Tchaikovsky nalonso ndi Allegro con fuoco, ndipo limayamba ndi kuphulika kwa okhestra yonse ndi ma cymbal popanda chenjezo. Mravinsky ndi Leningrad Philharmonic anaijambula mu 1960 pa liwiro limene okhestra zochepa zingalifikire mavayolini osasokonekera. La Symphony No. 4 ya Mendelssohn, Italian, ndi Saltarello ya Presto, yopepuka kuposa ziwirizi koma yosapumira. Pa piyano onjezerani ma étude a Chopin: Op. 10 No. 12, pamene dzanja lamanzere ndilo likuthamanga, ndi Op. 10 No. 4, mphindi ziwiri za manja onse kupikisana.

Zina zotchuka zimakhumudwitsa amene akufuna liwiro. Dance of the Knights ya Prokofiev, yochokera m'sewero la gule (ballet) la Romeo and Juliet, ndi yolemera ndi yoopsa koma imayenda ngati anthu ovala zitsulo. M'sewero lomwelo muli Death of Tybalt, ndipo imeneyo ndiyo yothamanga: mavayolini amathamangitsana pa ndewu ya malupanga, kenako pamabwera kumenya 15 kwa timpani ndi zoimbira za m'munsi, kumodzikumodzi, n'kutsatira ulendo wa maliro. Mu Suite No. 1, magawo osankhidwa kuchokera m'sewerolo, ndi gawo lomaliza. 1812 Overture ya Tchaikovsky ndi mphindi pafupifupi 15, ndipo mbali imene anthu amaidziwa ya mizinga ndi mabelu ili kumapeto. Night on Bald Mountain ya Mussorgsky ili mitundu iwiri: imene imamveka kawirikawiri ndi yokonzedwa ndi Rimsky-Korsakov mu 1886, imene imatha ndi belu ndi bata la m'bandakucha, pamene ya Mussorgsky mwini ya 1867 ndi yokhakhala ndipo imalusa mpaka kumapeto. Mukafuna yachiwiriyi lembani 1867 pofufuza.

Kamvedwe kake kali ndi misampha ingapo. Woyamba ndi voliyumu. Nyimbo za pa wailesi zimakonzedwa kuti zimveke mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma zojambulidwa za okhestra zimasunga kusiyana kwakukulu pakati pa kunong'ona ndi kufuula. Mukakweza voliyumu kuti mumve bwino chiyambi cha Requiem ya Verdi, Dies irae ikafika idzakupwetekani makutu, makamaka pa mahedifoni. Chitani izi: pitani kaye pamalo okweza kwambiri, ikani voliyumu pamene khutu likulandira bwino, ndiye mubwerere pachiyambi osakhudzanso batani. Malo otsitsa akakhala osamveka, vuto ndi phokoso la pamene mwakhala, ndipo yankho ndi kusamuka kapena kudikira usiku. M'minibasi nyimbozi sizimveka.

Wachiwiri ndi sipika ya foni. Kasipika kameneko sikatulutsa mawu a pansi, ndipo m'nyimbo izi mawu a pansi ndiwo injini: ng'oma ya Verdi, ma double bass a Beethoven, dzanja lamanzere la Prokofiev, timpani za Tybalt. Ngakhale timahedifoni totchipa ta waya timaposa sipika ya foni kutali. Komanso musakweze bass pa equalizer poganiza kuti muwonjezera mphamvu. Mukatero timpani ndi ma cello zimasanduka chimkokomo chimodzi ndipo manoti othamanga amabisika. Siyani zonse pakati.

Wachitatu ndi kudula magawo. Ena amalumikizana popanda mpata, ndipo shuffle kapena malonda olowa pakati amawononga malo abwino kwambiri. Mu Symphony No. 5 ya Beethoven gawo lachitatu limazilala mpaka kutsala timpani ikugunda motsitsa pa noti imodzi, mavayolini akufufuza njira, kenako m'masekondi ochepa zonse zimakwera n'kulowa m'gawo lachinayi, pamene ma trombone, piccolo ndi contrabassoon zimamveka koyamba m'simfoni yonse. Pakakhala kampata ngakhale ka sekondi imodzi, chinthucho chafa. Zimitsani shuffle, yatsani gapless playback ngati pulogalamu yanu ili nayo, kapena pezani fayilo imodzi ya simfoni yonse. Pa nkhani ya bandulo, fayilo ya mawu okha ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho simfoni ya mphindi 35 ndi 35 MB basi. Kanema amadya kangapo kuposa pamenepo.

Pa chifukwa chomwecho, nyimbo zina muyenera kuziyambira kumbuyo pang'ono. String Quartet No. 8 ya Shostakovich, imene anailemba m'masiku atatu mu July 1960 ali pafupi ndi Dresden, ili ndi gawo lachiwiri la Allegro molto limene oimba anayi okha amamveka ngati akung'amba nsambo. Koma gawolo limadumphira pa inu kuchokera m'gawo loyamba, Largo ya mphindi pafupifupi zisanu yomangidwa pa manoti anayi, D, E flat, C, B, amene m'kalembedwe ka Chijeremani amatchula zilembo za dzina lake. Manoti omwewo amabwerera m'gawo lachiwiri akuthamanga. Mukalumpha Largo simuwazindikira. Infernal Dance ya mu Firebird ya Stravinsky imayamba ndi kumenya kumodzi kwa okhestra yonse, ndipo mu suite ya 1919 kumabwera pambuyo pa gule wofatsa wa ana aakazi a mfumu amene amatha mwakachetechete. Yambirani mphindi imodzi gule ameneyo asanathe. Chimodzimodzi Appassionata ya Beethoven, Sonata No. 23: gawo lachiwiri limatha pa chord yosakhazikika, yoyamba motsitsa kenako mokweza, n'kutsatira kumenya 13 kolowetsa gawo lomaliza. Gawolo Beethoven analilemba kuti Allegro ma non troppo, kuthamanga kosapyola muyeso, chifukwa Presto yeniyeni anaisungira tsamba lomaliza. Woimba akathamanga kwambiri kuyambira pachiyambi, Presto ikafika alibe liwiro lina loti awonjezere.

Mukamapanga mndandanda wanu, musaike zoposa zitatu zaukali motsatizana. Khutu limazolowera phokoso msanga, ndipo nyimbo yachinayi imamveka yozizira ngakhale ili yoopsa kuposa zoyambazo. Dongosolo limene limagwira ntchito pa theka la ola ndi ili: Summer ya Vivaldi, Erlkönig, kenako Largo ndi Allegro molto za Quartet No. 8 pamodzi, ndiye Precipitato, Dies irae ndi Tuba mirum za Verdi, n'kutseka ndi gawo lachiwiri la Symphony No. 10. Lasanjidwa kuti chiwerengero cha oimba chizisintha, gulu laling'ono, awiri, anayi, mmodzi, kenako khamu, ndipo Largo ija yaikidwa pakati kuti khutu lipume okhestra yaikulu isanalowe.